Chimbale chopanda cholakwika, koma oimba salimo

Zaka zingapo zapitazo kwaya yathu kuno ku Dedza inasonkha ndalama, ena atagulitsa kachewere, ena nyemba, ndipo tinakwera minibasi kukajambulitsa chimbale m'tauni. Mwa nyimbo zimene tinakonza munali ina ya maliro, imene timaimba bokosi likamatsitsidwa m'manda. Wojambulayo anali mnyamata wodziwa ntchito yake. Ankatilowetsa m'kachipinda kake m'timagulu, a sopulano paokha, a besi paokha, aliyense atavala zomvetsera m'makutu mmene munkagogoda kamawu kosunga liwiro. Wina akaphonya tinkabwereza mzere wokhawo, iye n'kuulumikiza pa kompyuta. Chimbale chitatuluka simukanapezamo cholakwika ngakhale chimodzi. Mawu onse anali m'malo mwake, oyera ngati madzi a pakasupe. Koma mayi wina wachikulire woimba alito, atamvetsera mpaka kumapeto, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nyimboyi ndi yathu ndithu, koma ife sitilimo."

Zimene mayiwo ananena m'mawu ochepa ndi zimene okonda nyimbo za okestra akhala akukangana kwa zaka pafupifupi 100. Chimbale chikaimbidwa mosaphonya, n'kujambulidwa momveka bwino koposa, kodi ubwino umenewo ungalowe m'malo mwa kuzama kwa woimba amene wamvetsa chimene nyimboyo ikunena? Ine ndimati sungalowe. Koma nkhaniyi ili ndi mfundo zambiri, ndipo amene amaganiza mosiyana nane si opusa.

Okestra ndi gulu lalikulu la oimba ndi zipangizo, kawirikawiri anthu 80 mpaka 100. Kutsogolo kumakhala a zingwe, kuyambira mavayolini mpaka mabesi aakulu kutalika ngati munthu. Pambuyo pawo pamakhala a zitoliro, kenaka a malipenga, kumapeto a ng'oma. Pamaso pa onsewa pamaima munthu mmodzi amene saliza kanthu, wotsogolera, atagwira kandodo. Zambiri zimene amaimba ndi masimfoni, nyimbo zazitali za zigawo zinayi, zotenga theka la ola kapena kupitirira ola, ndipo zochuluka zilibe mawu oimba pakamwa.

Anthu akamati chimbale chili ndi luso lapamwamba, amasakaniza zinthu ziwiri. China ndi luso la oimba: kuyambira pamodzi, kusasemphana mawu, kuthamanga malo ovuta popanda kupunthwa. China ndi luso la ojambula: kumene aika maikolofoni, mmene agwirira kamvekedwe ka holo, kuti womvera athe kusiyanitsa chitoliro ndi lipenga gulu lonse likulira. Zonse ziwirizi zimayezeka, ndipo munthu angathe kuloza pomwe zalakwika.

Chovuta kuloza ndi chachitatu, kumasulira. Aliyense amene anaphunzitsapo kwaya ndi manotsi a do re mi amadziwa kuti pepala silinena zonse. Limakuuza mawu oti uimbe ndi kutalika kwake, koma silikuuza popumira, poti mawu afewe, poti uchedwe pang'ono kuti mzere ukhale pansi usanayambe wina. Makwaya awiri angatenge nyimbo imodzi m'buku limodzi, ina ku Bembeke ina ku Mlanda, koma womvera n'kutuluka ndi mitima iwiri yosiyana. Ku okestra n'chimodzimodzi. Simfoni yachisanu ya Beethoven, wopeka nyimbo wa ku Germany, imene inamveka koyamba ku Vienna mu 1808, imayamba ndi mawu anayi, atatu aafupi ndi limodzi lalitali. Pamwamba pa lalitalilo Beethoven anaika chizindikiro chotanthauza kuti gwirani mawuwa, osanena kuti mpaka liti. Wotsogolera wina amagwira pang'ono n'kuthamangira kutsogolo ngati munthu wothamangitsidwa. Wina amagwira nthawi yaitali mpaka holo yonse kuchita mantha. Masekondi ochepa oyambirirawo amakhala atanena kale nkhani imene nyimbo yonse ikambe.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha kachigawo ka pang'onopang'ono ka m'simfoni yachisanu ya Gustav Mahler, kotchedwa Adagietto, koimbidwa ndi zingwe zokha pamodzi ndi zeze wamkulu. Willem Mengelberg, wotsogolera wa ku Amsterdam amene anali mnzake wa Mahler, analemba m'buku lake la manotsi kuti kachigawoka kanali uthenga wa chikondi wopita kwa Alma, amene anadzakhala mkazi wa Mahler. Atakajambula mu 1926 kanangotenga mphindi 7, koyenda ngati nyimbo yoimbira wokondedwa. Leonard Bernstein anakaimbitsa pa mwambo wa maliro a wandale wa ku America, Robert Kennedy, ku New York mu 1968, ndipo pa chimbale chimene anadzajambula ku Vienna patapita zaka kamatenga mphindi pafupifupi 11. Manotsi ndi omwewo. Mmodzi akufunsira mbeta, mnzake ali pasiwa. Palibe maikolofoni, kaya ikhale yodula chotani, imene ingasankhe pakati pa ziwirizi. Amasankha ndi munthu.

Nanga zinayamba bwanji kuti kuyera kwa mawu kuyambe kupikisana ndi kumasulira? Yankho lili m'mbiri ya makina ojambulira. Arthur Nikisch atajambula simfoni yachisanu ya Beethoven ndi gulu la Berlin Philharmonic mu 1913, kunalibe maikolofoni. Oimba ankaunjikana pakamwa pa chilipenga chachikulu, mphamvu ya mawu awo n'kumagwedeza kasingano kolemba pa phula. Mawu apansi sankagwirika bwino, mwakuti m'nthawi imeneyo ojambula ambiri ankachotsa mabesi a zingwe n'kuikapo lipenga lalikulu. Maikolofoni inafika mu 1925. Komabe mbale za galamafoni zinkangotenga mphindi zinayi kapena zisanu mbali imodzi, choncho simfoni inkadulidwa m'zidutswa, ndipo wina akalakwitsa pakati panalibe chokonza, koma kubwereza mbali yonse kapena kuisiya choncho. Mbale zotenga nthawi yaitali zinatuluka mu 1948. Chimene chinasintha zinthu kotheratu ndi tepi, imene inapangidwa ku Germany ndipo inafala nkhondo yachiwiri itatha. Tepi imadulidwa ndi lumo n'kumatidwa. Kuyambira pamenepo chimbale chinasiya kukhala umboni wa zimene zinachitika tsiku linalake, chinasanduka chovala chosokedwa kuchokera ku zigamba zabwino zokhazokha. Sitiriyo, yogawa mawu kumanzere ndi kumanja, inafika m'masitolo mu 1958, CD mu 1982, ndipo lero kompyuta imalumikiza zidutswa mwakuti khutu silingapeze msoko.

Zimenezi zinasintha makutu a anthu. M'holo, lipenga likaphonya, cholakwikacho chimapita ndi mphepo. Pa chimbale chimabwera pamalo omwewo nthawi iliyonse, mpaka womvera amayamba kuchidikira. Oimba nawo anayamba kudzimvera okha ndi kudziopa. Mukamvetsera zimbale za m'ma 1920 ndi 1930 mumamva oimba mavayolini akutsetsereka kuchoka pa mawu ena kupita pa ena, liwiro likukwera ndi kutsika momasuka, nthawi zina osayambira pamodzi ndendende. Magulu a masiku ano amaimba molongosoka kuposa akale, izi n'zosatsutsika. Koma ambiri amamvekanso mofanana kuposa kale, chifukwa kusaphonya kunasanduka chitupa cholowera, ndipo woopa kuphonya sayesa njira yoterera.

Mayina awiri amene amatchulidwa kawirikawiri pa mkanganowu ndi a Arturo Toscanini ndi Wilhelm Furtwängler. Toscanini, Mtaliyana amene anatsogolera gulu la wailesi ya NBC ku New York kuyambira 1937 mpaka 1954, ankalimbikira zoti aimbe monga zinalembedwera, molunjika ndi mwamphamvu. Furtwängler wa ku Berlin ankaona pepala ngati chiyambi chabe. Kandodo kake kankanjenjemera mlengalenga mwakuti oimba ankachita kumverana okha kuti adziwe poyambira, ndipo liwiro lake linkasintha malinga ndi kumene nyimbo ikupita. Mbiri yake ili ndi banga loti anakhalabe ku Germany akuimbitsa m'nthawi ya Hitler, ndipo nkhani imeneyo sinathe kukambidwa mpaka lero. Pa 29 July 1951 anatsogolera simfoni yachisanu ndi chinayi ya Beethoven potsegulanso chikondwerero cha nyimbo cha ku Bayreuth, ku Germany, nkhondo itatha. Chimbale chake si cha sitiriyo, muli malo amene oimba sakuyendera pamodzi, ndipo kumapeto kwenikweni amathamanga mwakuti gulu limatsala pang'ono kumwazika. Koma chigawo chachitatu, chapang'onopang'ono, chimayenda ngati pemphero la munthu amene waona zambiri. Papita zaka zoposa 70 ndipo anthu akuchigulabe, pamene zimbale zambiri zoyera kuposa icho zinaiwalika.

Amene analowa m'malo mwa Furtwängler ku Berlin, iye atamwalira mu 1954, anali Herbert von Karajan, ndipo anakhala pampandowo mpaka 1989. Uyu ndiye ankakonda makina. Anajambula masimfoni onse 9 a Beethoven kanayi, kamodzi ku London ndi katatu ku Berlin, ndipo anathandiza nawo kulengeza CD pamene inkatuluka kumene. Gulu lake linkamveka mosalala ngati uchi, mopanda bampu. Omutsutsa ankati kusalalako kumaphimba zonse, kuti Beethoven wolusa ndi Mozart wanthabwala amatuluka atavala suti imodzi. Ine ndimaona kuti amamulakwira pang'ono, chifukwa zimbale zake za mu 1961 ndi 1962 zili ndi moto weniweni. Koma pa zina za m'ma 1980 ndimamvetsa chimene akutanthauza. Chikomekome cha mkuyu, ungotsegula n'kupeza kuti m'kati mulibe chimene unkayembekezera.

Pali chimbale chimodzi chimene ndikachiganizira ndimasowa chonena. Pa 16 January 1938, Bruno Walter anatsogolera gulu la Vienna Philharmonic pa simfoni yachisanu ndi chinayi ya Mahler, anthu ali m'holo, makina akujambula. Walter anali wophunzira wa Mahler, ndipo ndi iye amene anaimbitsa nyimboyi koyamba mu 1912, mwini wake atamwalira kale chaka chapitacho. Patangopita miyezi iwiri chijambulireni, Germany inalanda Austria. Walter, amene anali Myuda, sanathenso kugwira ntchito kumeneko mpaka nkhondo itatha. Oimba achiyuda anachotsedwa m'gululo, mtsogoleri wa mavayolini Arnold Rosé, mlamu wake wa Mahler, anathawira ku London, ndipo ena mwa anzake anafera m'misasa ya chipani cha Nazi. Chimbalecho n'chokhakhala. Mumamveka kutsokomola, pena oimba amasemphana, ndipo chigawo chomaliza chimayenda mofulumira kuposa mmene ambiri amachitira lero. Koma mumamva anthu akuimba ngati akudziwa kuti sadzakhalanso pamodzi. Wina angati ndikumva zimenezi chifukwa ndikudziwa mbiri yake. Mwina n'zoona pang'ono. Komatu kulimba kwa mauta pa zingwezo, ndi kusafuna kupuma kumene kuli m'mizere yake, zili pa chimbale pomwepo, ndipo wosadziwa mbiri angazimvenso.

Kumbali inayo kuli zimbale zopangidwira kuonetsa mphamvu ya makina. Nyimbo ya Tchaikovsky wa ku Russia yotchedwa 1812 inajambulidwa mu 1958 ndi Antal Dorati ndi gulu la ku Minneapolis, muli mizinga yeniyeni ndi mabelu enieni, ndipo inagulidwa kwambiri ndi anthu ofuna kuyesa masipika awo atsopano. Tchaikovsky mwini wake analemba m'kalata kuti nyimboyi ndi yaphokoso ndipo anailemba popanda chikondi chenicheni. Pa nyimbo yotere, kamvekedwe ndiye nkhani yonse, ndipo apa ndikuvomereza kuti luso la ojambula limapambana. Zilipo nyimbo zina za mitundu yambiri ya mawu, monga za Ravel ndi Stravinsky, zimene zikajambulidwa moipa theka la zimene wopeka analemba limasowa. Choncho kulemera kwa luso kumadalira nyimbo imene ili pa tebulo.

Anthu awiri anafika pamapeto osiyana kwambiri pa nkhaniyi. Sergiu Celibidache, wa ku Romania, amene anatsogolera gulu la ku Munich kuyambira 1979 mpaka imfa yake mu 1996, anakana kwa zaka zambiri kulowa mu situdiyo. Ankati liwiro loyenera limabadwa m'chipinda chimene mukuimbiramo, malinga ndi mmene mawu akubwererera kuchokera kumakoma, ndipo maikolofoni singanyamule chipindacho kupita nacho kwina. Zimbale zake zambiri zinatuluka iye atamwalira, banja lake litavomera. Glenn Gould wa ku Canada, woliza piyano, anachita zosemphana nazo. Anasiya kuimba pamaso pa anthu mu 1964 n'kukhala wa mu situdiyo basi. Kwa iye kudula ndi kumata tepi sikunali chinyengo, kunali njira yofikira pa kumasulira kumene sakanakukwanitsa pa nsanja usiku umodzi. Gould amatikumbutsa kuti makina angakhale m'manja mwa munthu amene ali ndi chonena. Vuto limabwera pamene makinawo akugwiritsidwa ntchito yongopukuta.

Ndipo apa ndi pamene ambiri a ife okonda zakale timalakwitsa. Timayamba kuganiza kuti kuphonya ndiko chizindikiro cha kuzama, kuti chimbale chikamalira ngati mvula pamalata ndiye kuti muli mzimu. Ayi. Zimbale zakale zosamveka bwino komanso zopanda kanthu zinalipo zambirimbiri, kungoti zinatayidwa, ndipo zimene zinatsala ndi zosankhika zokha. Ngakhale chimbale chotchuka cha Furtwängler chija, anthu atachiyerekeza ndi tepi ya wailesi ya tsiku lomwelo anapeza kuti zikusiyana malo ena, kusonyeza kuti kampani yojambula inakonzamo. Komanso kumasulira sikuyandama mlengalenga. Kumakhala m'zinthu zogwirika: kuchedwa kwa kamphindi, chitoliro kuloledwa kumveka pamwamba pa zingwe, mawu ofewa kwambiri amene sakufa. Kuti anthu 60 a zingwe afewetse mawu pamodzi mpaka kukhala ngati mpweya, pamafunika luso lalikulu kwambiri. Wotsogolera angakhale ndi maganizo ozama, koma ngati gulu silingawakwanitse, maganizowo amatsalira m'mutu mwake. Chimbale cha Carlos Kleiber cha simfoni yachisanu ya Beethoven, chimene anajambula ndi gulu la ku Vienna mu 1974, chimasonyeza zimene zimachitika ziwirizi zikakumana. Oimba saphonya, kajambulidwe n'kabwino, koma chimene mumatsala nacho si kudabwa ndi luso lawo. Mumatsala ndi mtima ukugunda, chifukwa luso lonselo likukoka ngolo imodzi kupita kumalo amodzi.

Ife a kuno sitiyenera kuiona nkhaniyi ngati ya azungu okha. Imani pafupi ndi bwalo la gule wamkulu mumve mbalule. Ng'oma zinazo zimasunga kayendedwe, koma wa mbalule amayang'ana mapazi a gule, kuyankha, kuputa, kudikira. Mnyamata angaphunzire kugunda mwaliwiro ndi mosaphonya, koma akulu amamusiyanitsa msanga ndi amene amalankhula ndi wovina. Ku Ntcheu, pa ngoma ya Angoni, mphamvu yonse ili m'kuponda pansi pamodzi, ndipo amene anakulira kumeneko amadziwa kusiyana kwa gulu loponda molondola ndi gulu loponda mpaka thupi kuchita tsemwe. Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa, atayenda m'dziko lino m'ma 1950 akujambula nyimbo za m'midzi, analibe situdiyo, anali ndi makina a tepi ndi maikolofoni. Zimene anajambulazo zikumvekabe zamoyo chifukwa oimbawo ankaimbira anzawo, pamalo pawo, pa chifukwa chimene ankachidziwa.

Palinso mfundo ina imene olemba a kunja saiganizira, koma kwa ife ndi yaikulu: kodi timamvetsera pa chiyani? Ambiri a ife nyimbo timazimva pa foni, pa kawailesi ka memori kadi, kapena pa sipika yogula pamsika wa Lizulu. Sipika ya foni singatulutse mawu apansi a besi wamkulu. Kufalikira kwa sitiriyo, koti mavayolini kumanzere, machelo, anzake aakulu a mawu apansi, kumanja, kumatha kotheratu. Malo ofewa kwambiri, amene ojambula amanyadira kuti anawagwira bwino, amamira mu phokoso la njinga zamoto ndi chigayo cha pafupi. Ndiye kuti gawo lalikulu la zimene munthu wa ku Ulaya amalipirira pa chimbale chamakono silifika n'komwe m'makutu mwathu. Chimene chimafika ndi liwiro, kapumidwe, kukoka ndi kumasula kwa mzere, kutalika kwa chete pakati pa mawu. Zimenezi zimadutsa pa sipika iliyonse. Mengelberg wa mu 1926 ndi Bernstein mungawasiyanitse ngakhale pa foni yosweka galasi, koma zimbale ziwiri zamakono zosiyana pa kaikidwe ka maikolofoni kokha simungazisiyanitse.

Amene akufuna kudziyesa yekha angachite zosavuta. Pa YouTube pali zimbale zambiri za simfoni yachisanu ya Beethoven. Mvetserani mphindi ziwiri zoyambirira za Toscanini, za Furtwängler, za Karajan ndi za Kleiber, bandulo siitha kwambiri. Poyamba khutu lidzathamangira ku kuyera kwa mawu, ndipo zakalezo zidzamveka ngati zochokera m'chitini. Bwerezani kachiwiri ndi kachitatu. Phokoso la mbale limayamba kuiwalika, monga mmene munthu wokhala pafupi ndi msewu wa M1 amasiyira kumva magalimoto, ndipo mumayamba kumva kuti anthu anayiwa akunena zinthu zinayi zosiyana. Kuyera kwa mawu kumadabwitsa tsiku loyamba, koma khutu limakuzolowera msanga. Chimene chimakubwezani ku chimbale kakhumi ndi china chimene simunachimalize kumva.

Kwaya yathu inadzaijambulanso nyimbo ya maliro ija. Sitinabwerere m'tauni. Linali Loweruka la mu June, kukuzizira monga kumachitira kuno, ndipo tinali m'tchalitchi mwathu titangochokera kukaika mmodzi wa a tenala athu. Mnyamata wina anaika foni pa benchi ya kutsogolo osatiuza. Pa zimene anajambulazo mumamveka chitseko chikulira, mwana akutsokomola, ndipo pa ndime yachitatu a sopulano amatsika pang'ono chifukwa awiri a iwo anali akulira. Pamzere womaliza tonse tinachedwa pamodzi, popanda ine kukweza dzanja, n'kukhala chete nthawi yaitali tisanatseke. Mayi wa alito uja anapempha kuti amuikire pa foni yake. Chimbale cha mu situdiyo tikugulitsabe pa zochitika za mpingo, ndipo chimatithandiza kupeza ndalama za yunifolomu. Koma mamembala akamatumizirana nyimboyi pa WhatsApp wina akaferedwa, amatumiza ya pa benchi ija.